Ndinabwelela Kwathu pa Chingwe cha Boma

Amuna anzanga, khalani bwino pansi. Sindilankhula kawili.

Ndine Daka, wa kwa Kalindawalo. Sukulu ndinalekela Sitandade Folo, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa Folo wa masiku amenewo anali Folo. Abusa andipempha kuti ndinene umboni pa msonkhano uno wa amuna kuno ku Nyimba. Ndavomela chifukwa polowa pakhomo apo ndamva fungo. Sinditchula munthu. Mphuno yanga inaphunzila kachasu zaka zambili, siinama. Amene mwabwela nalo fungolo musatuluke. Nkhaniyi ndi yanu.

Mumamva abusa akunena kuti Mulungu amayenda m'mbili ya anthu, amakweza maufumu ndi kuwagwetsa. Mumagwedeza mitu, koma mumtima mukuti, za maufumu zindikhudza bwanji ine wosowa ndi sopo yemwe. Ine ndikuuzani zimene ndinaona. Boma lathunthu la azungu, ndi malamulo ake, ndende zake ndi malole ake, Mulungu analigwila ngati khasu kuti abweze chidakwa chimodzi kwa mkazi wake. Chidakwacho ndine.

Ndinakwatila Enelesi, mwana wamkazi mmodzi yekha wa mai wamasiye. Mwa mwambo wathu ndinapita kukakhala kwao. Ndinalowa m'mudzimo ndi khasu ndi nkhwangwa, basi. Ndinamanga nyumba, ndinamanga nkhokwe, ndinalima munda wa apongozi. Achinyamata a lelo mumakhala mpando umodzi ndi apongozi anu kuonela mpila. Ife sizinali choncho. Mkamwini sankayang'ana nkhope ya apongozi ake aakazi. Mukakumana panjila, iwe unkapatuka, kulowa m'udzu, kuvula chipewa, kunyonyomala chofulatila mpaka adutse. Ngati pali mau, ankadzela mwa munthu wina. Ine mwambo umenewu sindinauphonye n'kamodzi komwe, ndipo m'mudzi ankandiyamika nao.

Chitaganya chitayamba, chija azungu ankati Fedeleshoni, pamene anamanga maiko atatu mtolo umodzi osatifunsa, amuna ambili ankapita ku Walale, dziko la mapulazi a azungu kumwela, kukagwila nchito. Nanenso ndinapita. Ndinalonjeza Enelesi njinga ndi makina osokela. Apongozi ndinawalonjeza bulangete, kudzela mwa Enelesi yemweyo. Ndinamusiya ali ndi mwana kumsana.

Ku Walale ndinalembedwa pa pulazi ya fodya. Ndinali wamphamvu, ndinkadziwa kuwelenga, ndiye anandiika ukapitao wa pa mabani, nyumba zoumitsila fodya. Kunyada kunayambila pamenepo. Loweluka ndinkagulila anthu mowa kuti azinditchula bwana. Kenaka ndinayamba kumwa Lamulungu. Kenaka Lolemba. Tsiku lina ndinagona pa moto wa bani, fodya anapsa yense, anandipitikitsa. Pulazi yachiwili anandichotsa chifukwa cha ndeu. Yachitatu sindikumbuka. Njinga ndinagula, ndinaimwela. Makina osokela sindinawagwile n'komwe. Zaka zinapita, kwathu ndinasanduka mchona.

Matenda atandigwila ndinaganiza zobwelela. Ndinakwela malole opemphapempha, kudzela ku Lusaka, kuoloka Luangwa. Lole itaima pa Kacholola kuti dalaivala athile madzi mu injini, ndinadziyang'ana. Kabudula wong'ambika, malaya amodzi, manja awili. Akuluakulu muli pano mukukumbuka mmene wochokela ku Walale ankalowela m'mudzi: masana, chipewa pamutu, sutukesi kumbuyo kwa njinga, belu likulila, akazi akululuta. Ine ndikalowe ndi chiyani? Ndinatsika. Ndinati ndikhale pano mwezi umodzi, ndipeze kabulangete kokha. Mwezi umenewo unabala zaka.

Pa Kacholola ndinali kapolo wa mai wina wotcheza kachasu. Ndinkatunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Malipilo anga anali kachasu wa kumapeto, uja wopanda mphamvu, ndi malo ogona pafupi ndi mbuzi. Ndinasintha dzina. Ndinati ndine Zuze wa ku Chipwitikizi. Lole ikaima ine n'kumva Chinsenga cha kwathu, ndinkabisala kuseli kwa khola. Tsiku lina ndinaona munthu wa m'mudzi mwathu akugula nthochi, ndinagona m'ngalande mpaka lole inanyamuka. Kwathu kunali pafupi. Lole yonyamuka m'mawa inkafika dzuwa lisanapendeke. Luangwa ndinaoloka, manyazi sindinaoloke.

Chitupa changa, chija mwamuna aliyense ankayenela kuyenda nacho, ndinaching'amba pang'onopang'ono n'kumapichila fodya. Chinatha.

Nthawi imeneyo dziko linatentha. Anthu anatopa ndi Chitaganya. Tsiku lina masana kunali msonkhano kuseli kwa masitolo, amuna ena anasonkha moto n'kuponyamo zitupa zao. Ine ndinapita chifukwa ndinamva kuti pambuyo pake pali mowa. Asilikali atafika, anzelu anathawa, olimba mtima anaima, ine miyendo inakana. Anatikweza lole ulendo wa ku boma.

M'khoti, bwana anandifunsa kudzela mwa womasulila: "Chitupa chako chili kuti?"

Ndikadanena zoona, mwina akadandiseka n'kundithamangitsa. Koma munali anthu. Daka anene pagulu kuti chitupa anasuta? Ndinaimilila mowongoka ndinati, "Ndinaponya pamoto pamodzi ndi anzanga."

Ndinasankha ndende kuti ndisasekedwe. Mvetsani bwino, amuna inu. Munthu akhoza kutaya mkazi, mwana, dzina, nsapato, koma kunyada amakusunga ngati mbeu.

M'ndende munalibe kachasu. Manja ananjenjemela, ndinaona njoka pakhoma, ndinasanza, kenaka zinaleka. Ameneyo ndiye anali dokotala wanga woyamba. Amuna aja anaotchadi zitupa ankandipatsa ulemu, ankati a Zuze ndi mwamuna weniweni. Ine ndinkalandila. Pakati pao panali a Sakala, mphunzitsi, munthu wochepa thupi wokonda kupemphela. M'mawa ulionse ankatiuza kuti, "Mulungu sanasamuke m'dziko lino. Amene anatulutsa akapolo kalelo sanakalambe."

Tsiku lina ndinawayankha. "Aphunzitsi, Mulungu ndinamusiya ku Walale, amadya pa thebulo ndi azungu. Kuno safika."

A Sakala sanakwiye. Anati, "Bwana wamkulu safika yekha, a Zuze, amatuma mesenjala. Samalani, tsiku lina adzakutumilani."

Ndinaseka. Amesenjala tinkawadziwa, aja ovala yunifomu ndi chipewa cha boma, onyamula chikoti. Ndiwo ankatiyang'anila pa nchito.

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola misewu. Ndiye kunabwela lamulo lochokela kutali. Bwana wamkulu wa Chitaganya adzayendela mafumu kukawanyengelela kuti aleke kukana, ndipo motoka yake isadzagwe m'maenje. Akaidi onse pa msewu. Anatimanga chingwe m'chiuno awiliawili, kutipatsa mafosholo ndi zikwakwa, kutikweza lole. Ine sindinafunse kuti tikupita kuti. Lole itakhota, ndinaona phili limene ndimalidziwa. Ndinaona mtengo wa mkuyu umene ndinapumilapo tsiku lopita ku Walale. Anatitsitsa kwa Kalindawalo, pa msewu wodutsa m'mbali mwa minda ya mudzi wa mkazi wanga.

Ndinatsitsa chipewa mpaka m'maso. Ndevu zinali zitakula, thupi litatha, mano ena atachoka. Ndinati palibe amene angandidziwe, ndipo ndinali kunena zoona. Anadutsa akazi amene ndinkawaona pa chitsime tsiku ndi tsiku, anatiyang'ana mwachisoni n'kupitilila. Anadutsa malume ake a Enelesi pa njinga, anandipatsa moni wa kaidi, "Pepani bambo, limbikani," osadziwa kuti akulankhula ndi munthu amene anadya naye mbale imodzi. Mtima unakhala pansi. Ndinati masiku ochepa awa atha, ndibwelele kwa mbuzi zanga.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, tikufukula ngalande, atatimasula chingwe kuti tigwile bwino nchito, ndinakweza maso. Kutsogolo kunkabwela mai wachikulile, lichelo pamutu, khasu paphewa, akutsimphina mwendo wakumanzele. Nkhope sindinaione. Sindinkaidziwa bwino n'kale lomwe. Koma kayendedwe kameneko ndinkakadziwa, chifukwa mkamwini amaphunzila apongozi ake patali kuti apatuke msanga.

Sindinaganize. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sindinaganize. Mutu unkati khala chete, kumba, ndiwe Zuze. Miyendo siinamve. Ndinaponya fosholo, ndinalumpha ngalande, ndinalowa m'udzu, ndinavula chipewa, ndinanyonyomala chofulatila.

Mesenjala amene ankatiyang'anila anali Mngoni wamtali, wosaseka. Anafuula kuti kaidi wathawa, anandipeza m'udzumo, chikoti chinandigwela pamsana. Chachiwili chinagwa. Ine osadzuka, osatembenuka, chifukwa kutembenuka kunali kuyang'ana kumsewu.

Ndiye ndinamva lichelo likuikidwa pansi. Ndinamva mau amene ndinkangowamvela kuseli kwa khoma.

"Bambo mesenjala, lekani. Awo sakuthawa inu. Akuthawa ine."

Mesenjala anati, "Amai, pitani. Ndili pa nchito ya boma."

"Nanenso ndili pa nchito. Ndadutsa amuna onsewa, palibe amene wandivulila chipewa. Mwana wamkazi ndinabala mmodzi. M'dziko lonse lino mwamuna wondipatukila njila ndi mmodzi. Kwanu apongozi mulibe, bambo?"

Chikoti sichinagwenso. A Sakala anandiuza pambuyo pake kuti apongozi nawonso anali atafulatila, kuyang'ana kumunda. Ine m'udzu kuyang'ana kuthengo, iwo pa msewu kuyang'ana kumunda, pakati pathu munthu wa boma ndi chikoti chake, osadziwa kochiika. Akaidi onse anaima, mafosholo m'manja.

Mesenjala anati, "Uyu ndi Zuze, amai. Mpwitikizi."

"Muwafunse a Zuzewo ngati akudziwa amene anamanga nkhokwe ili kuseli kwa nyumba yanga."

Mesenjala anakhosomola. Kenaka ndinamva akutsitsa mau, mmene munthu amalankhulila akatumidwa ndi akulu. "Iwe, akuti nkhokwe anamanga ndani?"

Ndinati, "Muwauze kuti ndinamanga ndine."

"Akuti anamanga ndi iwo, amai."

Onani pamenepo. Ine ndinali iwe, mwa mphindi imodzi ndinakhala iwo.

Apongozi anati, "Muwauze kuti nkhokweyo inapendeka. Anthu anati tiigwetse, ine ndinakana. Ndinati anamanga yekha, adzagwetsa yekha. Muwauzenso kuti ankhoswe anakhala pansi, anagwilizana kuti chimanga ichi chikalowa m'nkhokwe ukwati watha, Enelesi amasuke. Kuli mlenje wa kwa Sandwe amabwela ndi nyama yowamba. Nyama ndimadya, sindinama. Koma mau sindinapeleke."

Mesenjala anabweleza zonsezo, ngakhale ndinali nditamva ndekha. Mwambo ndi mwambo.

Ndinati, "Muwauze ndilibe kanthu. Ndilibe sutukesi, ndilibe njinga. Bulangete lao ndilibe."

"Muwafunse, tsiku limene anabwela kudzakwatila anabwela ndi sutukesi? Anabwela ndi khasu. Khasulo lilipo. Mpini unadyedwa ndi chiswe, koma mitengo m'thengo siinathe."

Mesenjala, pofuna kundithandiza, anaonjeza zake. Anati, "Komatu amai, mkamwini wanuyu ndi wa ndale. Anaotcha chitupa."

Apongozi anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka. "Awo? Ndale? Bambo, awo ankaopa tsekwe wanga. Muwafunse bwino."

Pamenepo ndi pamene ndinagwa, ndipo ndi pamene ndinadzuka. Amuna onse aja ankanditcha mwamuna weniweni anali pomwepo, makutu ali tcheu. Ndikadatha kuuma mutu. Koma ndinatopa. Ndinati, "Muwauze sindinaotche. Ndinapichila fodya. Ndine chidakwa. Dzina langa ndine Daka."

Mesenjala anayesa kubweleza, koma anatsamwa ndi chiseko pakati pa mau. Akaidi anaseka. Chinthu chija ndinachiopa zaka zonse, kusekedwa pagulu, chinandigwela chonse tsiku limodzi, ndipo sindinafe.

Apongozi anadikila kuti chiseko chithe. Kenaka anati, "Tsopano ndawamva akamwini anga. Bambo mesenjala, muwauze mau otsiliza. Ine ndinkapempha Mulungu m'mawa ulionse. Ndinkati, Ambuye, munthuyu mubweletseni, ngakhale pa chingwe. Sindinadziwe kuti Mulungu amamva mau onse."

Anasenza lichelo, anapita. Ndinamva mwendo uja ukutsimphina mpaka patali. Mesenjala anatola chipewa changa n'kundipatsa m'manja. Anati, "A Daka, dzukani, adutsa." A Sakala anali pafupi ndi ngalande. Anangoloza mesenjalayo ndi chibwano.

Tsiku lotsatila kunabwela Enelesi. Anaima patali, sanandipatse moni. Anapeleka chinangwa chootcha kwa mesenjala, nati, "Muwapatse. Muwauze kuti amai akhululuka msanga chifukwa siwo ankafolela denga okha mvula ikugwa." Anatembenuka n'kupita. Chinangwacho ndinagawana ndi a Sakala. Chinali chowawa, ndinadya chonse.

Msewu tinautsiliza. Unasalala ngati mphasa. Bwana wamkulu uja sanabwele. Ena anati anadwala, ena anati anaopa miyala. Ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti msewu unakonzedwela iye, koma anadzelapo ndine.

Ananditulutsa m'ndende chimanga chikuuma m'minda. Pa geti ndinaima. Lole yopita ku Kacholola inali pomwepo, ndipo pakhosi panayamba kuyabwa. Musamve abodza amene amati ludzu limatha tsiku lotembenuka mtima. Silitha. Ndinapemphela pemphelo langa loyamba, lalifupi. Ndinati, "Munandibweletsa pa chingwe, tsopano ndigwileni popanda chingwe." Ndinayenda wapansi.

Ndinalowa m'mudzi masana, pa njila yaikulu, manja ali lende. Sindinadzele kuseli. Panalibe belu, panalibe wolulutila. Ana anathawa. Mwana wanga amene ndinamusiya kumsana anali atakula, akusinja, ndipo anafunsa amake kuti bambo awa afuna chiyani. Ndinapita kwa ankhoswe, ndinakhala pansi, ndinanena zonse, za bani, za mbuzi, za Zuze. Malume ake a Enelesi anati, "Ndiye munali inu ndinakupatsani moni pa msewu?" Ndinati inde. Anati, "Mau athu sitibweza. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, Enelesi adzanena yekha."

M'nyumba sindinalowe. Ndinkagona m'kakhumbi kosungila nkhuni. Ndinadula mpini, ndinakhomela khasu langa. Ndinakumba nshawa za apongozi. Ndinakolola chimanga, ndinasenza mitanga mpaka khosi linauma. Enelesi ankandiikila chakudya pa mwala, osalankhula. Nkhokwe ija ndinaigwetsa ndekha, monga ananenela apongozi. Ndinapita kukadula nsungwi kumtsinje, ndinaluka ina, yaikulu kuposa yoyamba. Amuna opita ku mowa ankandiitana, "A Zuze, tiyeni, lelo kuli chipumu chabwino." Ndinkayankha kuti Zuze anatsala m'udzu.

Tsiku limene chimanga chinalowa, ine ndili pamwamba pa nkhokwe ndikumanga denga, mlenje wa kwa Sandwe anafika. Munthu wooneka bwino, sindimunamizila. Nsapato, mfuti, mtolo wa nyama paphewa. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo. Anthu anasonkhana. Ine osatsika, chifukwa panalibe amene anandiitana. Ndinagwila luzi kuti ndisagwe.

Malume anati, "Enelesi, chimanga chalowa. Nena."

Enelesi anayang'ana nyama, anayang'ana mlenje. Anati, "Bambo, mwatichitila ulemu nthawi yaitali, zikomo. Koma nyamayi bwelelani nayo. Mwini nyumba ino ndi awo ali padengawo." Kenaka anakweza mau, osandiyang'ana. "Inu, mukatsiliza mutsike. Madzi osamba ali kuseli."

Ndinatsika. Apongozi anali m'khonde mwao, ndinawazungulila patali monga mwa mwambo. Ndinamva akuuza nkhuku zao kuti, "Nyama yapita, koma nkhokwe yaima."

Tsopano mvetsani zimene ndinachita kuti ndisabwelele m'ngalande, chifukwa ena mukufuna chozizwitsa koma simufuna nchito.

Ndinapita kwa akulu a mpingo n'kupempha kubwezedwa. Anandikhazika pa benchi ya kumbuyo, m'kalasi pamodzi ndi ana ongoyamba, ine bambo wandevu. Ndinakhala. Amene wanyonyomalapo m'udzu pamaso pa akaidi, benchi ya kumbuyo siimupha.

Dima sindinasiye. Mnzanga akaitana anthu kudzamulimila, ndinkafika woyamba, kulima mizele yanga, koma mbiya ya mowa ikamatuluka ine khasu paphewa, ulendo. Ankandinena kuti wonyada. Ndinali wonyada kale, tsopano kunyadako kunapeza nchito. Pa Kacholola sindinatsikepo lole kwa zaka zambili. Dalaivala akaima ndinkakhala pamwamba pa matumba, ngakhale chikhodzodzo chikupweteka. Zogulitsa za nshawa ndi thonje ankasunga Enelesi, osati ine. Mwamuna amene akudziwa kuti thumba lake ndi lobooka amapatsa mkazi.

Ndinagwapo. Kamodzi, pa malilo a mbale wanga. Ndinadzuka m'mawa ndili pa chulu. Satana anati, waona, bwelela kwa mbuzi. Koma ndinali nditaphunzila chinthu chimodzi pa msewu paja: chimene chimapha si kugwa, ndi kubisala. Tsiku lomwelo ndinauza Enelesi, ndinauza akulu a mpingo, ndinabwelela pa benchi ya kumbuyo. Kuchokela pamenepo mpaka lelo, pakamwa pano sipanadutse dontho.

Chitaganya chinatha. Ndinamva nkhaniyo pa wailesi ya kusitolo, ndili ndi thumba la mbeu paphewa. Anthu anavina. A Sakala ndi anzao ndiwo anachigwetsa, pamodzi ndi ena ambili amene anavutika zenizeni, ine ndilibe gawo pamenepo ndipo sindinamizila. Chitaganya chinali choipa, ndipo Mulungu sanachikonde. Koma ngakhale chinali choipa, sichinathe kuyenda kunja kwa dzanja lake. Mumawelenga nokha za mfumu yachikunja ija inalamula anthu onse kukalembetsa kwao. Iyo inkaganiza kuti ikuwelenga anthu ake, osadziwa kuti ikupeleka mai wapakati kumudzi kumene Mpulumutsi anayenela kubadwila. Mulungu sanasinthe kagwilidwe kake ka nchito. Bwana wina kutali anasaina lamulo la msewu, akuganiza za matayala a motoka yake. Mai wotsimphina kwa Kalindawalo ankapemphela za chingwe. Mundiuze ndani anamveka.

Mabwana aja ali kuti lelo? Maina ao ana anu sawadziwa. Chikoti cha mesenjala chinaola. Ine ndilipo. Enelesi alipo, wakhala uko pakhomo ndi azimai otiphikila, ndipo akundiyang'ana kuti ndatalikitsa. Tinabala ana ena, adzukulu adzaza bwalo. Uja anafunsa kuti bambo awa afuna chiyani ndiye anandigulila jekete ili. Ndakhala mkulu wa mpingo mpaka mutu wachita mbuu. Bulangete la apongozi ndinagula ndi nshawa zanga, ndinapeleka kudzela mwa Enelesi. Anafunda mpaka imfa, ndipo tinawaika nalo.

Nkhope ya apongozi anga sindinaiyang'ane mpaka analowa m'manda. Koma palibe munthu amene ndinamudziwa bwino kuposa iwo. Ndinadziwa kayendedwe kao, ndinamva mau ao kudzela mwa ena. Mulungu nayenso nkhope sindinamuone. Ena mumati mukamuona ndiye mudzakhulupilila. Ine ndinali chofulatila, m'udzu, msana ukutuluka magazi, ndipo anaima kumbuyo kwanga n'kulankhula ndi pakamwa pa munthu wa chikoti.

Inu mwabwela ndi fungo, ndikudziwa pamene mwatsikila lole. Mukuti mudzabwelela mukapeza bulangete. Simudzalipeza. Pitani masana, pa njila yaikulu, manja ali lende, ndipo mukanene dzina lanu lenileni. Akasekeni, simufa. Mukadikila, pali wina amene akukupemphelelani za chingwe, ndipo ine ndakuuzani kuti Mulungu amamva mau onse.

Khasu lilipo. Kaduleni mpini.